Mphepo yonseyi, bwanji osapukusira magetsi?

Nabanda wa Saluni: Anthuni ndifunseko. Kuno ku Area 25 magetsi kulibe chim'mawire, kasitomala wabwerera tsitsi lili lonyowa. Koma panjapa mphepo ikuchita kugwetsa zovala pachingwe, malata akungolira. Mayiko a anzathu mphepo yotereyi amapukusira magetsi. Ife chikutikanika n'chiyani? William Kamkwamba uja wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina ake ndi zitsulo zotola ali kamnyamata. Ndiye dziko lathunthu lilephere?

Mjomba wa Kabaza: Mayi, mphepo imeneyi ife ikutibweza m'mbuyo pa mtunda wa ku Nsungwi, inu mukuti tiiyitane ina? 😂

Madala Phiri Amagetsi: Funso labwino mayi Nabanda, koma tisiyanitse zinthu. Za Kamkwamba zinali zoyatsira mababu angapo ndi wailesi pakhomo pa makolo ake, ndipo ulemu wake tisamulande. Zomwe mukunena inuzi ndi makina akuluakulu, nsanja yake yotalika kupitirira mamita 100, pamwamba pali mapiko atatu, limodzi lokha mamita 60 kapena 70. Makina amodzi otere amatulutsa mamegawati 3 mpaka 5 mphepo ikakhala yokwanira. Amawadzala ambiri malo amodzi, 20, 40, ngakhale mazana. Kuno kwathu palibe malo otere ngakhale amodzi omwe akuthira magetsi mu mawaya a ESCOM. Ndipo mphepo yogwetsa zovalayo si imene amafuna. Ya m'tauni imabwera mwa befu, yawomba, yasiya, yatembenuka. Amafuna yokhazikika, yowomba mbali imodzi maola ambiri, kumwamba kwenikweni komwe mitengo ndi nyumba siziitchinga.

Nabanda wa Saluni: Nanga amadziwa bwanji kuti kumwambako ikuwomba bwanji, poti munthu sakhalako?

Madala Phiri Amagetsi: Amayamba aimika kansanja kowonda ka chitsulo, kautali mamita 80 kapena 100, komangidwa ndi zingwe mbali zonse. Pa kansanjako amamangirirapo timakapu tozungulira toyeza liwiro la mphepo pa misinkhu yosiyanasiyana. Kamayenera kukhala pamenepo chaka chathunthu, kawirikawiri kupitirira, kuti aone dzinja, masika ndi chilimwe. Banki siingabwereke ndalama popanda manambala amenewo. Ndiye mukamva pa wailesi kuti kampani yakuti ikufuna kumanga, muzifunsa kaye kuti kansanja koyezera kali pati, ndipo kaima kuyambira liti. Ngati yankho palibe, ndi nkhani chabe.

Aphunzitsi a ku Likuni: Ndionjezerepo pa zomwe anena madala. Chifukwa chomwe amalimbikira kuyeza n'chakuti mphamvu ya mphepo siikwera mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8. Tiyerekeze phiri lina mphepo imathamanga mamita 5 pa sekondi, lina mamita 7. Munthu utaima pamenepo ungati kusiyana n'kochepa, koma phiri lachiwirilo lili ndi mphamvu pafupifupi katatu. Ndiye kuphonya pang'ono posankha malo, ndalama zonse zalowa m'madzi. China, ife tili pamtunda, Lilongwe ali pa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wathu ndi wopepukirapo, sukankha mapiko mwamphamvu ngati wa kugombe. Makinawo amayamba kuzungulira mphepo ikafika cha pa mamita 3 pa sekondi, ndipo ikapyola cha pa 25 amadziimitsa okha kuopa kuthyoka.

Mjomba wa Kabaza: Ndiye mphepo ikachepa sagwira, ikachuluka sagwira. Bola jenereta basi.

Aphunzitsi a ku Likuni: Jenereta imamwa dizilo mjomba, dizilo yemweyo mumagonera pa mzere. Munaiwala majenereta obwereka a Aggreko aja a 2018? Magetsi ake anali odula kwabasi. Mphepo siyitanitsidwa ndi forex.

Madala Phiri Amagetsi: Ine mbali yomwe imandikopa ndi ya nyengo. Magetsi athu a madzi onse pamodzi ali cha pa mamegawati 400, ndipo pafupifupi onse ali pa mtsinje umodzi wa Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Kupatula ka Wovwe ku Karonga, komwe n'kakang'ono. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo tinakhala choncho mpaka 2023. Zaka za 2016 ndi 2017 madzi atatsika m'nyanja nonse mukukumbukira momwe tinkakhalira mu mdima. Tsono mwera umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Seputembala, nthawi yomwe mvula kulibe. Mphepo itamatipatsa magetsi miyezi imeneyo, madzi ena angasungike m'nyanja, paja pa Liwonde pali Kamuzu Barrage yowongolera madzi olowa mu Shire, n'kudzawagwiritsa ntchito mu Okutobala ndi Novembala pomwe zinthu zimathina. Sola tili naye kale, wa JCM ku Salima mamegawati 60, wa ku Golomoti 20, wina ku Nkhotakota. Koma sola amaweruka 6 koloko madzulo, nthawi yomwe aliyense akuyatsa chophikira. Mphepo imatha kugwira ndi usiku womwe.

Tadala ku Nairobi: Moni nonse kumudzi. Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndilowepo chifukwa kuno nkhaniyi anaiona ndi maso. Amodzi mwa malo aakulu kwambiri a magetsi a mphepo mu Africa muno ali kuno ku Kenya, Lake Turkana Wind Power, ku Marsabit pafupi ndi Loiyangalani. Makina 365 a kampani ya Vestas, onse pamodzi mamegawati 310. Taganizani, malo amodzi okha kuyandikira magetsi onse a pa Shire. Kumeneko mphepo imapanikizika pakati pa mapiri awiri, imawomba usana ndi usiku. Koma mverani izi. Makina onse anatha kuimikidwa mu 2017. Mawaya otengera magetsiwo kuchoka ku Loiyangalani kufika ku Suswa, mtunda wopitirira makilomita 400, anali asanathe. Kampani ya ku Spain yomwe inapatsidwa ntchito ya mawayayo inagwa chifukwa cha ngongole, komanso panali mikangano ya malo odutsa mawaya. Makina anangoima chaka ndi miyezi, mphepo ikuwomba, magetsi osapita kulikonse. Mawaya anatha mu Seputembala 2018, a Uhuru Kenyatta anadzatsegulira mu Julaye 2019. Ndipo poti pangano linkati magetsi akakhala okonzeka azilipiridwa, boma la Kenya linalipira chindapusa cha magetsi omwe palibe anawagwiritsa ntchito.

Nabanda wa Saluni: Eee! Kulipira chinthu chomwe sunayatsepo ndi babu lomwe?

Tadala ku Nairobi: Momwemo achemwali. Omanga makina anati ife mbali yathu tatha, wachedwa ndi inu. Ndiye ine ndikamva anthu akukangana za kutalika kwa nsanja, ndimati funso loyamba likhale mawaya. Amanga ndani, ndalama zake zilipo, atha liti?

Madala Phiri Amagetsi: Mwalasa mwana wanga. Mwayi womwe tili nawo kuno pakati n'ngwakuti mawaya akuluakulu a 400kV ochoka ku Phombeya ku Balaka anafika kale pa Nkhoma, aja anamangidwa ndi thandizo la America kudzera ku MCC. Ndiye malo a mphepo atapezeka m'mapiri a Dedza, Ntcheu kapena Dowa, mtunda wolumikiza sungakhale ngati wa ku Turkana. Kumpoto ku Viphya, mbali za Mzimba, kumatchulidwanso kawirikawiri pa nkhani ya mphepo, koma kumeneko mawaya ndi ang'onoang'ono, pangafunike kuwakuza.

Jere Wathiraki: Akuluakulu mwayankhula za mphepo ndi mawaya, koma palibe wanena kuti zinthuzo zidzafika bwanji. Ine ndimayenda wa ku Beira kudzera ku Tete kudzalowera pa Dedza. Thiraki yanga ndi ngolo yake siikwana mamita 22, koma pali makona ena ndimachita kudya mbali ya anzanga kuti matayala am'mbuyo asagwere mu ngalande. Inu mukuti phiko la mamita 70? Silipindika, silidulidwa pakati, limabwera lathunthu. Ndinakumanapo nawo ku South Africa, njira ya ku Eastern Cape. Ngolo yake imasololoka ngati mlongoti wa wailesi, matayala am'mbuyo ali ndi chiwongolero chawochawo, munthu wina amatsika n'kumawakhotetsa ndi rimoti akuyenda wapansi pambali. Kutsogolo galimoto ya malayiti, kumbuyo ina, apolisi atseka msewu. Pofika pa raundabauti amazula zikwangwani, nthawi zina ndi mapolo omwe. Tsono ndiuzeni, pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti chingadutse? Pa Chiweta? Ngakhale pa msika wa pa Lizulu tsiku la msika, mbatata ndi kabichi zili m'mphepete mwa tala?

Mjomba wa Kabaza: Pa Lizulu phikolo lidzafika ku Lilongwe litanyamula matumba a kachewere pamwamba 😂

Tadala ku Nairobi: A Jere mwakhudza penipeni. N'chifukwa chake ku Turkana anasankha makina ang'onoang'ono, a makilowati 850 amodzi, osafika ndi megawati imodzi yomwe, mapiko ake cha m'ma mamita 25. Katundu ankachokera pa doko la Mombasa, mtunda woposa makilomita 1,000, ndipo anayamba akonza msewu wa makilomita oposa 200 kuti mathiraki afike. Yerekezani ndi ku Senegal, malo otchedwa Taiba N'Diaye, komwe ndi kufupi ndi doko la Dakar: makina 46 okha akutulutsa mamegawati oposa 150. Amene ali pafupi ndi nyanja yamchere amagula zikuluzikulu zochepa. Ife a kumtunda msewu ndi womwe ungatisankhire kukula kwa makina.

Jere Wathiraki: Ndipo si mapiko okha. Chibokosi cha pamwamba pa nsanja chokhala ndi jenereta chimalemera matani makumimakumi, milatho yathu ina ayambe aiyeza. Nsanja imabwera m'zidutswa, chidutswa chilichonse thiraki yake. Kireni yokwezera zinthuzo nayonso imabwera yomasula pa mathiraki ambirimbiri, kukaimanga pamalopo. Makina amodzi okha ndi ulendo wa mathiraki pafupifupi 10. Ife madalaivala sitingadandaule, ndi ntchito imeneyo, koma wokonza bajeti asaiwale msewu.

Madala Phiri Amagetsi: Pansi paja palinso ntchito yoopsa yomwe anthu saiona chifukwa imakwiririka. Amakumba dzenje lozungulira, m'mimba mwake mamita ngati 20, n'kuluka zitsulo zochindikala ngati dzanja la khasu, kenako kuthira konkire. Kuthirako sadukiza, akayamba m'bandakucha amalekeza dzenje litadzaza, chifukwa konkire ya lero ndi ya mawa sizigwirana bwino. Kenako kudikira pafupifupi masiku 28 kuti ikhwime. Ndiye pamafunika madzi ambiri, miyala, mchenga ndi simenti yosadukiza. Choseketsa n'chakuti pokweza mapiko amafuna tsiku lopanda mphepo. Malo munawasankha chifukwa cha mphepo, koma mphepo yomweyo ikakula kireni imaima, anthu n'kumangodikira. Nthawi zambiri amakweza m'mamawa kwambiri kusanayambe kuwomba.

Nangondo wa ku Mitundu: Ine ndamva zonsezi koma mtima wanga uli pa munda. Mapiri mukuwatchulawo si opanda eni. Kuli minda, kuli msipu wa ng'ombe, kuli manda. Ife kwathu kumanda n'kudambwe, sikulowa munthu wamba, ndiye wina abwere ndi chigalimoto chokumba ati apa padutsa msewu? Tinaonapo m'midzi ina anthu akupatsidwa chipukutamisozi kamodzi, ndalama n'kutha chaka chomwecho, munda wapita mpaka kalekale. Ana adzalima pati?

Aphunzitsi a ku Likuni: Nkhawa yanu ndi yoona mayi. Komabe pa malo, mphepo ili ndi ubwino womwe sola alibe. Sola amaphimba munda wonse. Makina a mphepo amatalikirana mamita mazanamazana kuti asatchingirane mphepo, ndiye malo omwe amadyadi ndi pomwe paima nsanja, pabwalo poimika kireni, ndi misewu. Pakati ponsepo anthu amalima, ng'ombe zimadya mpaka patsinde penipeni.

Nangondo wa ku Mitundu: Aphunzitsi, zimenezo n'zapapepala. Msewu wodutsa pakati pa munda wa maekala awiri wausandutsa tizidutswa. Madzi a mvula otsika mu msewu wa paphiri adzakumba chigwembe m'munda mwa yemwe ali kumunsi, amene sanalandire ndi tambala yomwe chifukwa nsanja sinaime pake. Amene uja adzadandaula kwa ndani?

Aphunzitsi a ku Likuni: Pamenepo sindikutsutsani. N'zimene kafukufuku wa zachilengedwe amayenera kuona ntchito isanayambe. Lamulo la Environment Management Act la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye, ndipo a MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, ndi omwe amavomereza. Anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa. Vuto n'lakuti misonkhano yotere ambiri amapitira fanta ndi sikono, osafunsa kanthu, dzina n'kulembetsa. Pepala la mayina lija ndi lomwe limakakhala umboni wakuti mudzi unavomera.

Tadala ku Nairobi: Mayi Nangondo, ku Turkana nkhani ya malo inafika mpaka ku khoti. Anthu oweta ziweto a m'deralo anasumira kuti malo awo anaperekedwa osatsata ndondomeko, ndipo mu 2021 khoti loona za malo ku Meru linagamula kuti zikalata za malowo sizinatuluke moyenera. Apo n'kuti makina akuzungulira kale. Pomwe malo ena kuno, Kipeto ku Kajiado, makina 60 a mamegawati 100, anachita kubwereka malo kwa eni ake a Chimasai, amalandira ndalama chaka ndi chaka, munda ukadali wawo. Ine pa ziwirizi ndingasankhe lendi.

Mjomba wa Kabaza: Koma ndamva kuti zimapikozo zimathamangitsa mitambo, mvula osagwa. Kumudzi akangomva zimenezo adzazigwetsa usiku umodzi.

Aphunzitsi a ku Likuni: Bodza limenelo mjomba, musalifalitse. Mitambo ya mvula ili kutali kumwamba, mapiko saifika. Ku Denmark magetsi opitirira theka amachokera ku mphepo, mvula ikugwa mpaka kutopetsa. Koma mwanena zoona pa chinthu chimodzi: mphekesera zotere zimapha ntchito, ndipo tonse tikudziwa momwe nkhani za anamapopa zinavutira. Ngati anthu sauzidwa bwinobwino m'chiyankhulo chawo, chaka chomwe mvula idzachedwe mlandu udzagwera makinawo. Zovuta zenizeni zilipo zina. Pafupi pamamveka phokoso la fuu, fuu, phiko likamadutsa, ndipo dzuwa likapendeka chithunzithunzi cha mapiko chimaphethira pa nyumba, n'chifukwa chake saimika pafupi ndi makomo. Mbalame zikuluzikulu ndi mileme zimawombedwa. Ku Kipeto komwe atchula a Tadala kuli anthu olembedwa ntchito yoyang'ana miimba, ikamayandikira amaimitsa makina.

Nabanda wa Saluni: Chabwino, tinene kuti zonse zatheka. Ine wa saluni mayunitsi adzatsika mtengo?

Madala Phiri Amagetsi: Ndisakunamizeni mayi, musayembekezere zimenezo msanga. Mphepo ndi yaulere koma makina ndi a ngongole, ndipo ngongoleyo ndi ya madola. Womanga amasainirana ndi wogula magetsi pangano la zaka ngati 20, mtengo wake womangirira ku dola. Inu mumagula mayunitsi ndi makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole iliyonse ya madola inafufuma tsiku lomwelo. Mapeto ake nkhani imakafika ku MERA kuti mtengo ukwere. Phindu lomwe mungalione ndi lakuti dizilo wa majenereta achepe ndipo magetsi azipezeka maola ochuluka. Kutsika mtengo ndi nkhani ina.

Palinso china chaukadaulo. Magetsi sasungika mu mawaya, omwe akupangidwa ayenera kufanana ndi omwe akugwiritsidwa ntchito mphindi iliyonse. Dziko la magetsi ochepa ngati lathu, mutaika mamegawati 100 a mphepo, mphepo n'kudukiza mwadzidzidzi, dongosolo lonse limagwedezeka. Pamafunika chogwiriziza. Ku Golomoti anaikako mabatire pambali pa sola pa chifukwa chomwechi. Mawaya olumikiza ife ndi Mozambique, ochoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya, ntchito yake ina ndi yomweyo, kuti tikaperewera tizikoka kwa anzathu. Damu la Mpatamanga lomwe likukonzedwa pa Shire nalonso lingathandize, chifukwa madzi umatha kutsegula ndi kutseka pomwe wafunira. Ndiye ine maganizo anga, tiyambe ndi malo a mamegawati 30 kapena 50, tiphunzirepo, osati kulumphira za ku Turkana.

Jere Wathiraki: Apo madala ndikutsutsaniko pang'ono. Ngati mwakonza kale msewu, mwabweretsa kireni kuchoka kunja, mwamanga sabusiteshoni, ndiye muimike makina 10 okha? Kireni ija kubwera kwake n'kodula chimodzimodzi, kaya ikweza 10 kaya 40. Zochepa zimadula.

Madala Phiri Amagetsi: N'zoona a Jere, koma zambiri zomwe mawaya sangazilandire zimadula koposa, mwamva za ku Kenya. Njira ndi kupeza malo okwana makina 40, msewu ndi sabusiteshoni kumangiratu zazikulu, koma makinawo kuimika m'magawo.

Mjomba wa Kabaza: Ine funso langa ndi ntchito basi. Adzalemba anthu angati? Ndisiye kabaza?

Tadala ku Nairobi: Musagulitse njinga mjomba. Pomanga pamakhala anthu mazanamazana, okumba, oluka zitsulo, alonda, ophika, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Akamaliza pamatsala kagulu kochepa ka amisiri okwera nsanja kukathira girizi ndi kukonza zowonongeka, kuphatikiza alonda. Ndipo amisiriwo ngati sitiphunzitsa athu ku MUBAS, ku Mzuni kapena ku Lilongwe Technical College ntchito isanayambe, adzachokera kunja, ife n'kutsala pa geti.

Nangondo wa ku Mitundu: A Tadala, za lendi zija ndazigwira, koma kwathu kuno pali mfundo ina. Ife Achewa munda umayenda kuchikazi. Ine ndimalima wa amayi anga, amuna anga ndi mkamwini. Koma alendo akabwera amafikira kwa amfumu, amfumu n'kuitana amuna, pepala n'kusainidwa pabwalo ife tili kumadzi. Ndalama ya chaka ndi chaka ija idzalowa mu foni ya ndani? Ya malume, ya mkamwini, kapena ya amene amagwira khasu pamundapo?

Aphunzitsi a ku Likuni: Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo m'midzi momwe amayi ayenera kukhalamo, ndipo limalola banja kulembetsa munda wake. Munda wolembetsedwa m'dzina lanu, palibe angasaine m'malo mwanu.

Nangondo wa ku Mitundu: Kulembetsako kwathu sikunafike, timangomva kuti kunayambira madera ena. Ndiye ine ndikapita kumudzi Loweruka ndikawauza azakhali ndi achemwali anga kuti aliyense wobwera ndi kansanja koyezera mphepo kaja, tisadikire za makina, tikhale pansi pomwepo. Paja mwati kamaima chaka chathunthu, madala?

Madala Phiri Amagetsi: Chaka kapena kuposa, mayi. Ndipo nakonso kamaima pamunda pa munthu, zingwe zake zimatenga malo ndithu. Lendi iyambire pamenepo, ndipo pepala lake likhale m'Chichewa, dzina lolembedwapo likhale la mwini munda.